PAKHOMO PATHU: Tsiku Lija Linalembedwa, Nanga Linabisala Pati?

Miyezi itatu yathanso ndipo takumananso patsamba lathu lino pamene timakambirana za pakhomo. Ulendo uno nkhani yathu ndi ya kalendala. Tikudziwa kuti wina wafunsa kale kuti kodi kalendala ili ndi nkhani yanji yoti mpaka idzaze tsamba lonse. Dekhani, muyambe mwamva zimene zinationekera ife kubanja kwathu, mwina inu mudzalambalala dzenje limene ife tinagweramo.

Ambiri a ife tinakulira m'nyumba zimene munali kalendala imodzi yokha, yapepala, yokolekedwa pamsomali pabalaza. Bambo ankabwera nayo kumapeto kwa chaka kuchokera kusitolo kapena kuntchito, ndipo tsiku lililonse lofunika ankalizunguliza ndi bolopeni. Aliyense wolowa m'nyumbamo ankaiona. Panalibe chofufuza, pakuti chaka chonse chinali ndi masamba 12 okha, komanso anthu oyenera kudziwa za masikuwo ankagona pansi pa denga limodzi.

Lero mabanja athu anamwazika. Titenge lathu. Amayi athu otibereka, amene ife a m'tauni tinazolowera kuwatchula kuti agogo potsatira ana, ali kumudzi m'boma la Mangochi ndipo amakhala ndi mlamu wathu, mkazi wa mng'ono wathu. Mwini wake mng'ono wathuyo ali kuntchito ku Johannesburg. Ife tili ku Blantyre, mlongo wathu ali ku Lilongwe, ndipo mwana wake wamkulu, mphwathu, akuphunzira ku Leicester. Kwa nthawi yaitali tinkauzana za masiku ofunika pa WhatsApp, koma amene ali pagulu la banja akudziwa mmene zimakhalira. Uthenga wa tsiku la fizi umalembedwa m'mawa, pofika madzulo wakwiririka pansi pa malonje, zithunzi za makanda ndi nthabwala za achinyamata.

M'chaka cha 2022 mphwathu uja anatitsegulira kalendala ya pa intaneti yoti tonse tizilembamo ndi kuwerengamo. Anasankha ya Google Calendar, imene yakhalapo kuyambira 2006 ndipo salipiritsa munthu amene ali ndi imelo ya Gmail. Ziliponso zina monga ya Outlook ndi ya Apple, ndipo kagwiridwe kake ka ntchito sikasiyana kwenikweni. Tinakondwa zedi. Mlamu akalemba kumudzi, ku Johannesburg aona nthawi yomweyo. Koma paja walira mvula walira matope. Chaka chisanathe kalendala ija inadzaza, ndipo munthu sukanathanso kungoponyapo diso n'kuona chimene ukufuna. Tinayamba kudalira kachizindikiro kaja kali pamwamba, kooneka ngati galasi lokhala ndi chogwirira, kamene ukadina n'kulemba mawu kamakusakira.

Mu 2023 maso a agogo anayamba kuchita mdima. Kuchipatala anati ndi ng'ala, ndipo anawauza kuti adzabwerenso tsiku lina kudzachitidwa opaleshoni. Tinagawana ntchito monga mwa nthawi zonse: mng'ono wathu atumiza ndalama, ife tipeza galimoto n'kukawatenga kumudzi, mlamu akhala nawo kuchipatala. Patapita masabata angapo, tili pakompyuta ya kuntchito, tinati tione ngati tsiku lija linaperekedwa. Tinalemba kuti "agogo". Kunabwera masiku okatenga mankhwala a kuthamanga kwa magazi, za maso panalibe. Tinalemba kuti "chipatala". Kunabwera sikelo ya mdzukulu wa mlongo wathu. Tinalemba kuti "opaleshoni", osapeza kanthu. Tinatsegula mwezi wotsatira, ndi winawo, ndipo masiku ambiri anali mbee. Mumtima tinangoti, basi sanawapatse tsiku. Foni inali m'thumba, mayunitsi analimo, koma sitinaimbe. Akulu anati safunsa anadya phula.

Lachiwiri lina m'mamawa mlamu anaimba. "Alamu, mwafika pati? Anganga avala kale, akudikira pakhonde." Ife tinali tikumwa tiyi ku Blantyre. Inali nyengo ya mvula, mudzi wathu uli kutali ndi msewu wa tala, ndipo nkhalamba yosaona bwino sungaikweze pakabaza m'matope. Pamene galimoto inapezeka dzuwa linali litapendeka. Achipatala sanalakwe chilichonse, anali ndi odwala ena pamzere, ndipo anawapatsa tsiku lina patsogolo ndi miyezi inayi. Miyezi inayi imeneyo amayi athu anapitiriza kuyenda chogwiragwira makoma, kudikira mwana woti awatsogolere kuchimbudzi, munthu amene moyo wake wonse sanafunepo kugwiridwa dzanja.

Mawu anatuluka pafoni tsiku limenelo sitiwalemba pano. Ife tinati mlamu sanalembe. Mlamu anati analemba tsiku lomwe anachoka kuchipatala. Mphwathu wa ku Leicester ndiye anadula mlandu, pakuti anatsegula kalendala n'kutitumizira chithunzi. Tsikulo linalipo, lolembedwa bwinobwino: "Anganga maso dokotala". Linakhala pamenepo miyezi iwiri yathunthu.

Tsono apa ndi pamene pagona nkhani yathu. Makina amenewa samva Chichewa, samva Chiyao, ngakhale Chingerezi chimene timati ndi chawo samachimva monga amvera munthu. Chimene amachita ndi kufanizira zilembo. Ukalemba liwu, iwo amayenda m'mitu ya zochitika, m'malo olembapo kumene zidzachitikire, ndi m'mawu ofotokozera a m'munsi, kuyang'ana pamene pali liwu lomwelo. Mwana aliyense wa kwathu amadziwa kuti agogo ndi anganga ndi munthu mmodzi, ndiponso kuti wopita kwa dokotala wapita kuchipatala. Kompyuta sidziwa. Ndipo ikalephera kupeza, sinena kuti "mwina analemba mwa mtundu wina". Imangoti palibe, ndipo ife anthu, pokhala kuti timaiopa ndi kuilemekeza, timakhulupirira.

Taganizirani mmene timalankhulira ife. Chinthu chimodzi wina ati ukwati, wina ati nikah, wina ati chikwati. Wina alemba maliro, wina malilo, pakuti l ndi r m'kamwa mwathu ndi pachibale. Dzina limodzi lomweli wina alemba Muhammad, wina Mohammed, wina Mahamadi. Wina Aisha, wina Ayisha, wina Asha. Onjezanipo ulemu wathu, umene sutilola kutchula munthu wamkulu dzina lake. Mayi mmodzi yemweyo kwa ena ndi azakhali, kwa ena ndi achemwali, kwa ena ndi make a uje, kwa apongozi ake ndi Abiti uje. M'kalendala imene akulembamo anthu asanu ndi awiri, mayi ameneyu ali ndi maina anayi, ndipo wosaka ndi dzina limodzi adzapeza gawo limodzi mwa magawo anayi a zochitika zake. Palinso kalembedwe kathu kophatikiza, monga kuZomba m'malo mwa ku Zomba. Musadalire kuti makina akupezerani liwu limene lamatidwa ku linzake. Lembani motalikitsa, dzina la malo liime palokha.

Mankhwala a vuto limeneli sali m'kompyuta, ali m'kugwirizana. Ife tinakhala pansi, ena pampando ena pafoni, n'kupangana zinthu ziwiri. Choyamba, chochitika chilichonse chiziyamba ndi liwu limodzi mwa mawu amene tinasankha, lolembedwa m'zilembo zazikulu kuti diso lizilipeza msanga: CHIPATALA, SUKULU, UKWATI, NDALAMA, ULENDO ndi MUNDA. Kaya ndi sikelo, kaya ndi mano, kaya ndi maso, liwu loyamba ndi CHIPATALA, zina zonse pambuyo. Chachiwiri, munthu aliyense akhale ndi dzina limodzi lokha la m'kalendala.

Pa dzina la amayi athu panavuta pang'ono. Ife tinafulumira kunena kuti tizilemba "Agogo", ndipo kumbali ya kumudzi kunangoti zii. Kenaka mlamu analankhula mwaulemu wake uja: "Alamu, ine ndimawadzutsa m'mawa uliwonse ndi dzina la anganga. Ndikamalemba ndili pamzere wa kuchipatala, mwana ali kumbuyo, dzanja lidzalemba lomwelo." Tinachita manyazi. Amene amalemba kawirikawiri za amayi ndi iyeyo, ndipo lamulo limene livuta wolemba silikhalitsa. Lero m'kalendala yathu amayi ndi "Anganga", ndipo ndife a m'tauni amene tinaphunzira kusaka ndi dzina limenelo. Tikukulangizani chomwecho: posankha mawu, tsatirani pakamwa pa amene ali pafupi ndi nkhaniyo, osati pa amene ali ndi sukulu yambiri.

Komatu mawu sindiwo okha anatigwetsa. Munamva kuti tinatsegulanso mwezi wonse n'kupeza masiku ali mbee. Zinatheka bwanji, tsikulo lili lolembedwa? Apa ndi pamene pabwera nkhani ya kusefa.

Kalendala ya pa intaneti si tsamba limodzi. Ndi makalendala angapo osanjikizana, aliyense ndi mtundu wake, wina wobiriwira wina wofiira. Pakompyuta maina ake amaoneka m'mbali cha kumanzere, ndipo pafoni amaoneka ukadina timizere titatu tija tili pakona. Pafupi ndi dzina lililonse pali kabokosi. Kabokosi kakakhala kochonga, zochitika za m'kalendala imeneyo zimaoneka. Ukachotsa chongacho, zimabisika. Sizifufutika ai, anzako akuzionabe, koma kwa iwe wekha zachoka pamaso. Chinthu chimenechi n'chothandiza kwambiri. Mayi amene akufuna kuona za ana a sukulu zokha amachotsa zina zonse, ndipo sabata yake imaoneka bwino popanda chisokonezo.

Ife tinali ndi kalendala ina yotchedwa "Kumudzi". M'nyengo yolima inkadzaza ndi za aganyu, za feteleza ndi za kupalira, kotero kuti tsiku lina mu Disembala tinatopa nazo n'kuchotsa chonga chake kuti tione bwino za kuntchito. Tinaiwala kubwezera. Kabokosiko sikadzichonga kokha, kamakhala mmene unakasiyira ngakhale papite chaka. Mlamu, posaona kusiyana, analemba za maso m'kalendala yomweyo ya "Kumudzi", pakuti ndi imene anaizolowera. Choipa china n'chakuti pakompyuta kusaka kumayamba ndi makalendala okhawo amene ali ochonga, pokhapokha utasintha wekha kuti isake monse. Motero tinali titadzitsekera zitseko ziwiri. Tikanalemba liwu loyenera, sefa ikanatibisirabe. Tikanachotsa sefa, liwu likanatiphonyetsabe, ngakhale kuti pamenepo mwina diso likanagwera pa tsikulo poyang'ana mwezi.

Amayi akamasefa ufa, zotsala zimakhala m'sefa momwemo, poyera, ndipo amaziyang'ana asanazitaye kapena kuzibwezera mumtondo. Sefa ya m'kompyuta sionetsa zotsala. Tsiku limene labisidwa limaoneka chimodzimodzi ndi tsiku limene mulibe kanthu. N'chifukwa chake kwathu tinaika lamulo lakuti munthu asanavomere tsiku lililonse, kaya la chinkhoswe, kaya la ulendo, ayambe wachonga timabokosi tonse. Tinachepetsanso makalendala. Anali atafika asanu ndi anayi, pakuti aliyense ankatsegula wake akafuna. Tsopano ndi anayi, ndipo za chipatala zili ndi kalendala yakeyake imene palibe amene amaloledwa kuichotsa chonga.

Pali kulakwa kwina kofanana ndi kumeneku kumene kumachitika kwa wolemba. Ukamalemba chochitika chatsopano, makina amachiika m'kalendala yako ya iwe mwini, imene abale ako saiona, pokhapokha utasankha dzina la kalendala ya banja usanasunge. Mlongo wathu zinamuchitikira kawiri. Iye pafoni yake akuona tsiku la msonkhano wa makolo kusukulu, mwamuna wake akusaka sakupeza, aliyense akulumbira kuti mnzake ndiye wasokoneza. Kuli ngati kulemba kalata n'kuiika m'thumba la malaya ako. Mukasunga chochitika chofunika, funsani munthu mmodzi wa kutali ngati chamuonekera. Ndipo ngati kalendala yonse ya banja sikuoneka pafoni ya Android, lowani m'malo osinthira zinthu otchedwa Settings, mudine dzina la kalendalayo, muone ngati Sync ndi yoyatsa.

Amene ali ndi mwayi wa kompyuta ali ndi chida china chimene ambiri sachidziwa. Mukadina kagalasi kosakira kaja, kumapeto kwa mpata wolembamo kuli kamuvi koloza pansi. Mukadina pamenepo pamatseguka mipata ingapo. Woyamba ndi wosankhira makalendala oti musakemo, ndipo apa ndi pamene mungasankhe onse, ochonga ndi osachonga omwe. Mpata wolembedwa What ndi wa mawu amene mukufuna. Wa Where ndi wa malo. Wolembedwa Doesn't have ndi wa mawu amene simukuwafuna, ndipo pansi pake pali poikira tsiku loyambira ndi lomalizira.

Tipereke chitsanzo. Mng'ono wathu wa ku Johannesburg anafuna kudziwa kuti amayi anapita kangati kuchipatala m'chaka cha 2024, kuti aone ngati ndalama imene amatumiza ikukwanira. Akanangolemba CHIPATALA, kukanabwera mndandanda wautali wa zaka zitatu, wodzaza ndi sikelo ya makanda imene imabwerezeka mwezi ndi mwezi. M'malo mwake analemba "CHIPATALA Anganga", anaika masiku kuyambira 1 Januwale mpaka 31 Disembala 2024, ndipo anapeza maulendo ake onse pa tsamba limodzi. Mlongo wathu akafuna za chipatala za pakhomo pake zopanda sikelo, amalemba liwu lakuti sikelo mumpata uja wa zosafunika, ndipo zimachoka. Chenjerani ndi mpata wolembedwa Who. Umenewo umasaka anthu amene analemba chochitikacho kapena amene anaitanidwa kudzera pa imelo, osati maina olembedwa pamutu. Amayi athu alibe imelo, choncho kuwasaka pamenepo n'kutaya nthawi. Dzina lawo limalowa mu What.

Tisadumphe nkhani ya miyezi yathu ya Chisilamu, chifukwa pamenepa pali msampha wina. Mu Settings muli posankhira kalendala yachiwiri yoti izioneka pambali pa yachizungu, ndipo pakati pa zosankhazo pali ya Hijri. N'zokoma kuona tsiku la Rajab kapena Shaabani lili pomwepo m'tizilembo tating'ono. Koma tizilembo timeneto n'tongoonetsa chabe. Mukasaka liwu lakuti Ramadhan simudzapeza zochitika zonse za m'mwezi umenewo, mudzapeza zokhazo zimene wina analembamo liwulo ndi dzanja lake. Ndipo apanso gwirizanani kalembedwe, pakuti Ramadhan, Ramadan ndi Ramazani kwa makina ndi mawu atatu.

Msampha weniweni ndi wa kubwereza. Polemba chochitika pali posankha kuti chizibwera chaka ndi chaka. Zimenezi n'zabwino pa tsiku lobadwa la mwana kapena pa 6 Julayi. Koma kubwerezako kumatsata chaka chachizungu cha masiku 365, pamene chaka cha Hijri chili ndi masiku 354 kapena 355. Chaka chilichonse miyezi yathu imabwerera m'mbuyo ndi masiku pafupifupi 11. Mu 2024 Ramadhan inayamba Malichi atatha masiku khumi, pamene mu 2025 inayamba Malichi akungoyamba kumene. Wachinyamata wina wa kwathu analemba Eid ya chaka china n'kuiika pa kubwereza, ndipo chaka chotsatira amene anasaka kuti akonzekere ulendo wa kumudzi anapatsidwa tsiku lochedwa ndi sabata ndi theka. Mwamwayi tinazindikira matikiti asanagulidwe. Masiku amenewa azilembedwa mwatsopano chaka chilichonse.

Kumbukiraninso kuti masiku a Hijri a m'kompyuta ndi owerengetsera pasadakhale, pamene ife timadikira kuti mwezi uoneke ndipo akuluakulu athu alengeze. Kusiyana kwa tsiku limodzi kumachitika. Ife timalemba Eid pa masiku awiri otsatizana ndi liwu lakuti "mwina", ndipo chilengezo chikamveka munthu mmodzi amene tinamusankha amafufuta lolakwikalo. Chinanso, tsiku lathu limayamba dzuwa likalowa, pamene la kompyuta limayamba 12 koloko usiku. Usiku wa 27 Ramadhan umagwa madzulo a tsiku limene makina akulionetsa kuti ndi 26. Amene akusaka ndi masiku asaiwale zimenezi.

Za nthawi tingonena mwachidule. Malawi ndi Johannesburg ali pa nthawi imodzi chaka chonse, koma ku Britain amasintha mawotchi. Kuyambira kumapeto kwa Okutobala mpaka kumapeto kwa Malichi ife timakhala patsogolo ndi maola awiri, miyezi inayo ndi ola limodzi. Kalendala imasintha yokha, kotero kuti msonkhano wa banja wa 8 koloko madzulo kuno umaoneka 6 koloko kwa mphwathu mu Disembala ndi 7 koloko mu Juni. Musalembe ola pamutu wa chochitika, liikeni mumpata wake wa nthawi, apo ayi wa kunja adzaona maola awiri osiyana n'kusokonezeka.

Nanga ngati mwasaka ndi mawu onse, mwachonga timabokosi tonse, koma chinthu chimene mukudziwa kuti chinalipo sichikupezeka? Mwina wina anachifufuta mwangozi, makamaka m'nyumba zimene foni ya amayi ndi choseweretsanso cha ana. Pakompyuta pali malo otchedwa Trash, pena amalemba Bin, pamene zofufutidwa zimasungidwa masiku 30 zisanatayike kotheratu, ndipo mukhoza kuzibwezera. Izi zikutifikitsa pa nkhani ya chilolezo. Mwini kalendala akamaitana munthu amasankha chimodzi mwa zilolezo monga izi: kuti azingoona kuti nthawi yakuti pali chochita koma osaona kuti n'chiyani, kuti aziona zonse, kuti azithanso kusintha, kapena kuti azithanso kuitana ena. Wopatsidwa choyambacho asavutike n'kusaka mawu, pakuti mawuwo kwa iye ndi obisika. Ana ndi achibale a patali apatseni chachiwiri. Chachitatu chikhale cha anthu ochepa amene angathe kuyankha akafunsidwa.

Ndipo poti kusaka n'kosavuta chotere, ganiziraninso zimene mukulemba. Liwu limodzi lokha limatulutsa mbiri yonse ya matenda a munthu, kapena ngongole zonse za pakhomo. Si mlamu aliyense kapena mdzukulu aliyense amene ayenera kudziwa kuti uje amakatenga mankhwala anji. Kalendala yathu ya chipatala amaiona anthu asanu okha, ndipo ngakhale mmenemo sitilemba dzina la matenda ngati mwini wake sanalole. Pali posankha pena pamene pamati kalendala ikhale yoonekera kwa anthu onse. Pamenepo musakhudze ai. Eni ake a Google amachenjeza okha kuti mukatero zochitika zanu zikhoza kupezeka ndi aliyense wosaka pa intaneti, ndipo simungafune kuti wakuba adziwe sabata imene nyumba yonse idzakhale ku ukwati ku Mangochi.

Wina anena kuti, ngati zili zovuta chotere, bwanji osabwerera ku kalendala yapepala? Ifenso tinaganizapo m'masiku a mkwiyo aja. Koma pepala la pamsomali ku Mangochi silioneka ku Johannesburg, ndipo amene amatumiza ndalama ali ndi ufulu wodziwa tsiku. Chimene tinasiya ndi kukhulupirira liwu lakuti "palibe". Makina akati palibe, pa nkhani ya chipatala, ya mayeso kapena ya ndalama, timaimba foni.

Tsiku lachiwiri lija litafika tinagona kumudzi komweko usiku wake, galimoto ili pakhomo. Opaleshoni inayenda bwino, Alhamdulillah, ndipo amayi anayambanso kusankha okha nyemba palichero. Kuyambira pamenepo, kumayambiriro kwa mwezi uliwonse timasintha kaonekedwe ka kalendala kukhala kamene amati Schedule, kamene kamandandalika zochitika motsatizana ngati mndandanda wa zogula, timachonga timabokosi tonse kupatula za chipatala za anthu ena, n'kusindikiza pepala. Timalitumiza pa minibasi pamodzi ndi shuga ndi sopo, ndipo mlamu amalikoleka pamsomali womwe uja bambo ankakolekapo kalendala ya kusitolo.

Pepala loyamba litafika, amayi anaitana mdzukulu kuti awawerengere. Anamvetsera mpaka pansi, kenaka anati, "Dzina langa mwalitchula katatu, konse n'kuchipatala. Nanga tsiku lokolola mtedza lili pati?" Mlamu analilemba madzulo omwewo: "MUNDA Anganga mtedza".